Mpando ukayamba kugwedera: kasamalidwe ka mipando ndi matebulo a m'lesitilanti

Eni malo odyera akandipeza, mafunso awo sachoka pa awiri. Loyamba: "Tipake chiyani kuti matebulo awalenso ngati kale?" Lachiwiri: "Mipandoyi sinathe n'chaka chomwe, bwanji yayamba kale kugwedera?" Ndayankha pafoni, ndayankha nditagwada pansi pa tebulo sipanala ili m'manja, ndayankhanso munthu mmodzimodzi katatu konse. Ndiye ndalemba pano kuti wofunsa ndizingomulozera.

Mpando wa m'lesitilanti suli ngati wa pakhomo panu. Wa pakhomo amakhalapo anthu awiri kapena atatu amene amaudziwa. Wa m'lesitilanti umakwakwazidwa pansi tsiku lonse, wina amaupendeketsa chambuyo n'kuuimika pa miyendo iwiri, usiku umagadamitsidwa patebulo kuti pansi akolope, m'mawa umatsitsidwa mothamanga. Tebulo nalo limanyowetsedwa ndi mankhwala munthu aliyense akangonyamuka. Zimene zimapha katundu ameneyu ndi ziwiri: madzi ndi mankhwala pamwamba, ndi kukhwefuka kwa majoini kunsi. Ambiri amasamala pamwamba pokha poti ndi pamene kasitomala amaona. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpando umene umagwetsa munthu nthawi zambiri umakhala wonyezimira bwinobwino.

1. Dziwani chimene muli nacho musanachikhudze ndi mankhwala

Tembenuzani tebulo muone kunsi ndi m'mphepete. Ngati mizere ya mtengo ikuchoka pamwamba n'kutsikira m'mbali osaduka, limenelo ndi thabwa lenileni. Ngati m'mphepete muli kalamba komatidwa ndipo kunsi kukuoneka utuchi wopanikizidwa, ndi bolodi, kaya chipibodi kaya MDF, lokutidwa ndi fomika kapena ndi viniya. Viniya ndi kachikamba kopyapyala ka mtengo wabwino kamene amamata pamwamba pa bolodi. Kawirikawiri sikafika n'komwe milimita imodzi, ndiye mukakapala ndi sandipepa ngati mukupala thabwa mubowola. Fomika ndi mapepala oviikidwa mu utomoni wopanga n'kupanikizidwa pa kutentha kwakukulu, ndipo dzinali linachokera ku kampani ya Formica imene inayamba mu 1913 ku Cincinnati, ku America. Pamwamba pake saopa madzi. Chimene chimaopa ndi bolodi la m'katilo: likangomwa madzi kudzera m'mphepete limafufuma ndipo silibwereranso m'chimake.

Ngati ndi thabwa lenileni, dziwaninso chimene analipaka. Sankhani malo obisika. Dontho la madzi likalowa n'kudetsa thabwa pakangopita mphindi zochepa, ndiye kuti anangopaka mafuta, kapena vanishi anatha kale. Kathonje konyowa ndi sipiriti kakafewetsa pamwambapo, anapaka mtundu wa vanishi wotchedwa shellac. Sipiriti akalephera koma thinazi n'kufewetsa, ndi mtundu wina wotchedwa lacquer. Zonse ziwiri zikalephera, muli ndi polyurethane kapena vanishi wina wolimba wa kufakitale, amene ndi woyenera kwambiri patebulo lodyerapo.

Mukatero, lembani nambala kunsi kwa mpando ndi tebulo lililonse, mugulenso kabuku. Popanda nambala, wantchito akati "mpando wina ukulira", mawa lake simuupezanso pakati pa anzake 40 ofanana.

2. Kupukuta kwa tsiku ndi tsiku

Kuchotsa litsiro ndi kupha majeremusi ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yoyamba iyambe. Kolorini, mankhwala ophera majeremusi amene ali mu jiki, akakumana ndi mafuta a chakudya amatha mphamvu, choncho kupopera jiki pa tebulo lamafuta n'kungowononga vanishi pachabe. Yambani ndi kansalu kofewa koviikidwa m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, kofinyidwa mpaka kosadontha. Kenako pukutani ndi kansalu ka madzi okha. Mukatha apo ndi pamene mupitepo ndi mankhwala.

Cholakwa chachikulu chili pa muyezo. Wantchito amapendeketsa botolo la jiki mu ndowa, akamva fungo lamphamvu n'kuti zatheka. Pa malo okhudzana ndi chakudya pamafunika kolorini wochepa zedi, pafupifupi magawo 50 mpaka 100 pa magawo miliyoni imodzi a madzi. Werengani pabotolo: ngati jiki wanu ndi wa 3.5 peresenti, thirani mamililita 3 mu lita imodzi ya madzi ozizira. Ngati ndi wa 5 peresenti, mamililita 2 akwana. Imeneyi ndi pafupifupi theka la kasupuni ka tiyi. Mangirirani kasupuni kapena jakisoni wopanda singano kubotoloko kuti aliyense aziyezera. Sungunulani watsopano tsiku lililonse chifukwa wosungunula kale amasuluka. Ndipo musasakanize jiki ndi viniga kapena mankhwala okhala ndi amoniya. Mpweya umene umatuluka pamenepo umawononga mapapo. Ngati a zaumoyo kwanuko ali ndi muyezo wawo, tsatirani wawowo.

Poperani pa kansalu, osati pa tebulo. Mukapopera patebulo, madzi amayenderera m'ming'alu, m'mphepete mwa fomika ndi pa mitu ya masikuluu. Chimene chikufunika ndi kachinyezi kopyapyala kouma kokha pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri, osati dziwe. Musaiwale m'mphepete mwa kunsi mmene anthu amagwira akamakoka mpando kapena kudzuka, ndi pamwamba pa chotsamira. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimafewetsa vanishi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake malo amenewa ndi amene amayamba kuda.

Siponji yokhakhala ndi waya wotsukira mapoto zisayandikire tebulo. Timizere timene zimasiya sitioneka tsiku loyamba, koma litsiro limakakhala mmenemo.

3. Tebulo lomata ndi mabala a makapu

Tebulo limene limamata mkono ngakhale mwangolipukuta limakhala ndi limodzi mwa mavuto awiri. Mwina pamwamba paunjikana zotsalira za mankhwala, mafuta ndi polishi, mwina vanishi yemweyo wafa. Tsukani kagawo kamodzi kawiri kapena katatu ndi madzi ofunda a sopo, muumitse, ndiye mudinepo ndi chikhadabo. Pakauma gwa, vuto linali litsiro, tsukani tebulo lonse chimodzimodzi. Chikhadabo chikasiya chidindo, vanishi wafewa mpaka m'kati, ndipo palibe chopaka chimene chingamudzutse. Pitani pa nambala 9.

Polishi wopopera uja wa m'zitini ndimawaletsa anthu. Ambiri mwa iwo muli silikoni. Amawalitsa lero, koma silikoniyo amalowa m'timing'alu, ndipo tsiku limene mudzapake vanishi watsopano adzathawa malo amenewo n'kusiya timaenje ngati maso a nsomba.

Bala loyera lozungulira, losiyidwa ndi kapu yotentha kapena botolo lozizira, ndi chinyezi chimene chakodwa mu vanishi, sichinafike pa thabwa. Yalanipo nsalu ya thonje youma, musitepo ndi ayironi yofunda pang'ono yopanda nthunzi kwa timasekondi tochepa, muvundukule, muone, mubwereze. Bala lakuda ndi nkhani ina. Madzi anadutsa vanishi n'kufika pa thabwa, ndipo nthawi zambiri chitsulo chinakumana ndi asidi wachilengedwe wa mumtengomo. Limachoka pokhapokha mutachotsa vanishi n'kutsuka ndi asidi wa oxalic, mutavala magolovesi ndi zoteteza maso.

4. Tembenuzani mipando sabata iliyonse

Sankhani tsiku limene kumakhala anthu ochepa. Ikani mpando pamalo osalala, gwadani ndi bondo limodzi pokhalira, gwirani chotsamira n'kuchikankhira kutsogolo ndi kumbuyo. Mpando wabwino umakhala duu ngati ndi thabwa limodzi. Mukamva kulira, kapena kusuntha ngakhale pang'ono chotani, utembenuzeni.

Joini ndi pamene matabwa awiri akumana. Mitanda ndi matabwa opingasa olumikiza miyendo, ya pansi pa pokhalira ndi ina yaing'ono cha m'munsi. Joini imene imayamba kugonja pafupifupi pa mpando uliwonse ndi ya pamene mtanda wa m'mbali walowa m'mwendo wakumbuyo, chifukwa munthu akatsamira, chotsamira chonse chimasanduka mpini wokanulira malo amenewo. Yang'anitsitsani pamenepo. Mudzaona kamzere koyera ka thabwa losapakidwa vanishi pamene mtanda watuluka pang'ono, nthawi zina ndi kafumbi kakuda kopereseka. Chimenecho ndiye chizindikiro.

Mipando ina inapangidwa kuti izimangidwa ndi masikuluu ndi mabawuti basi. Mpando wotchuka wa m'malo omwera khofi, Nambala 14 wa Michael Thonet umene unatuluka mu 1859, ndi zidutswa 6 za mtengo wopindidwa ndi nthunzi, masikuluu 10 ndi manati 2. Mipando ya mtundu umenewu ikakhwefuka mankhwala ake ndi sikuludiraiva. Mangani ndi dzanja, osati ndi makina, ndipo ikangogwira lekani. Thabwa limafufuma kukakhala chinyontho n'kufota kukauma, makamaka m'lifupi mwake, ndiye nyengo ikasintha masikuluu amamasuka okha. Pa nthawi imeneyo yenderani mipando yonse ngakhale isanadandaule. Sikuluu ikamangozungulira osagwira, musaikemo yaikulu. Itulutseni, dzazani bowolo ndi tizipatso ta mtengo topakidwa guluu, mudikire mpaka mawa, mubowole kabowo kakang'ono, mubwezere sikuluu yomweyo.

Onaninso tizidendene ta pulasitiki kapena ta nsalu yokhuthala ta kunsi kwa miyendo. Kamodzi kakachoka, mpando umayamba kutsimphina, kulemera konse kumagwera pa majoini awiri, ndipo mwendo wopanda chidendene umamwa madzi okolopera ngati muzu. Sinthani tonse tinayi nthawi imodzi.

Mpando wokhwefuka uchoke pakati pa makasitomala tsiku lomwelo. Musauike pakona n'kumati sakhalapo munthu. Kukadzadza, adzaukoka.

5. Kumanganso joini yokhwefuka

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, kapena amangoti "pakani guluu". Ndikhalapo nthawi chifukwa ndinaona mapeto a njira yachidule. Pamalo ena pamene ndinkathandiza, mpando unakhwefuka joini yakumbuyo, munthu wina n'kukhomapo misomali iwiri modutsa m'mwendo. Unalimba kwa milungu ingapo. Tsiku lina mayi wachikulire atatsamira, mwendo unang'ambika kutsata mzere wa misomaliyo, iwo n'kugwa chagada, mutu kuphonya ngodya ya tebulo ndi pang'ono. Nditautola mpandowo ndinapeza kuti joiniyo inali yabwinobwino, yongofuna guluu. Misomali ndi imene inaswa mwendo. Msomali sumanga joini. Umangobisa kugwedera uku ukung'amba thabwa m'kati. Chimodzimodzi tizitsulo tokhota tomangira pangodya: timagwira pamwamba, m'kati mukuseweraseweranso.

Njira ina yachidule ndi kufinyira guluu mu mng'alu joini isanatsegulidwe. Guluu woyera wa matabwa, wa PVA, amagwira polowa m'timabowo ta thabwa. Pa guluu wakale wouma alibe polowa. Ndiye ntchito yeniyeni ndi kuphwasula, kupala, kuyesa, kumata ndi kupana, motsatana chonchi.

Choyamba, lembani zizindikiro. Matani kapepala mbali zonse ziwiri za joini iliyonse, mulembe A ndi A, B ndi B. Mitanda imaoneka yofanana koma siilowa m'malo a inzake.

Chachiwiri, fufuzani zobisika. Masulani timatabwa ta pangodya ta pansi pa pokhalira. Yang'anani timisomali ting'onoting'ono timene opanga ena amakhomera m'joini n'kutseka mitu yake ndi phula. Mukamenya joini muli kamsomali, mung'amba.

Chachitatu, phwasulani modekha. Gwiritsani ntchito nyundo ya labala kapena ya mtengo. Ngati muli ndi yachitsulo yokha, tchingirani ndi kathabwa kofewa. Menyani pafupi ndi joini, pang'onopang'ono, uku ndi uku mosinthana kuti mtanda utuluke mowongoka. Joini yolimba isiyeni, pokhapokha ngati ikutsekereza yokhwefukayo. Ikakana, donthezani madzi otentha pang'ono mu mng'alu mudikire: guluu wakale wa zikopa amasungunuka ndi madzi ofunda, ndipo wa PVA amafewa ndi kutentha kapena viniga.

Mukatsegula mupeza imodzi mwa mitundu iwiri. Mwina mutu wa mtanda unasemedwa ngati lilime lolowa m'bowo la m'mwendo, mwina muli tizikhomo tiwiri tozungulira ta mtengo tolowa mbali zonse. Chikhomo chikathyokera m'kati, chibowoleni pakati ndi kabowolero kocheperapo, mutolemo zotsalazo ndi kachizulo, kuti bowo lisakule. Ikani chatsopano cha kukula komweko.

Chachinayi, palani guluu wakale yense. Iyi ndiye ntchito yotopetsa, ndipo ndi imene imagamula ngati mpando ukhale zaka kapena milungu. Guluu wakale amaoneka ngati galasi lofiirira kapena kachikopa kotuwa. Pa lilime, palani ndi mpeni kapena chizulo choimika. M'bowo, gwiritsani kachizulo kakang'ono, kapena sandipepa wokulunga pa kamtengo ngati bowolo ndi lozungulira. Cholinga ndi kufika pa thabwa loyera osachotsa thabwalo. Anthu amakonda kupala lilime ndi sandipepa mpaka lisalale, kenako n'kudabwa kuti likugwedera kuposa kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Donthezani kadontho ka madzi pa lilime: kakalowa, mwafika, kakakhala pamwamba, guluu akadalipo. Liume musanapitirize.

Chachisanu, yesani popanda guluu. Lumikizani mpando wonse wouma. Joini yabwino imalowa ndi mphamvu ya dzanja kapena kugogoda pang'ono, ndipo mukaizondotsa siigwa yokha. Ikakhala yotaya, musayembekezere kuti guluu woyera adzaza mpatawo. Akauma amafota ndipo pa mpata alibe mphamvu. Matani kachipatso kopyapyala ka mtengo m'mbali mwa lilime, kaume, mukasemenso mpaka lilowe bwino. Pa lilime lozungulira, phanthi lopiringizika lotuluka mu puleni, chida chosalalitsira matabwa, ndi labwino kukulungirapo. Ngati bowo lapereseka kwambiri, gwiritsani epokisi, guluu uja wa machubu awiri osakaniza, chifukwa iye amalimba ngakhale pa mpata. Koma dziwani kuti joini ya epokisi kudzaitsegulanso n'kovuta kwambiri, ndiye akhale wa pamene njira zina zalephera.

Pa kuyesa komweku konzeranitu zopanira. Ngati mulibe makilampu, lamba womangira katundu amagwira ntchito, chubu chakale cha njinga nachonso, kapenanso chingwe chozunguliza kawiri n'kuchipotokola ndi kamtengo. Tchingirani ngodya ndi makatoni kuti chingwe chisadye thabwa.

Chachisanu ndi chimodzi, matani. Pakani guluu wopyapyala m'bowo ndi pa lilime pomwe, ndi kaburashi kapena kamtengo. Musadzaze bowo: guluu wotsekeredwa kunsi alibe kothawira, ndipo mukapana angathe kung'amba mwendo. Muli ndi mphindi 5 mpaka 10 zokha guluu asanayambe kugwira, n'chifukwa chake zonse zikhale pafupi. Panani mpaka timadontho ta guluu titulukire m'mphepete, mulekere pomwepo. Pukutani otulukawo ndi kansalu konyowa.

Chachisanu ndi chiwiri, chimene ngakhale akalipentala ena amaiwala: guluu asanaume, imikani mpando pamalo amene mukudziwa kuti ndi osalala, muike cholemera pokhalira, muone ngati miyendo yonse inayi yaponda. Yezani kuchokera mwendo wakutsogolo kumanja kufika wakumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyi ifanane. Ikasiyana, sunthani chopanira pang'ono mopendeketsa mpaka ifanane. Mpando woumira chopotoka udzatsimphina moyo wake wonse.

Usiyeni chopanidwa usiku wonse, ndipo munthu asakhalepo maola 24 asanakwane. Bwezerani timatabwa ta pangodya ndi guluu komanso masikuluu. Ngati mpandowo unalibe, uzani kalipentala aikemo. Palibe chinthu chaching'ono chimene chimawonjezera moyo wa mpando kuposa timeneti. Lembani nambala yake ndi tsiku m'kabuku kaja.

6. Tebulo logwedera

Musanadule mwendo kapena kupinda kapepala, dziwani ngati vuto ndi tebulo kapena pansi. Lembani choko pa mwendo umene ukulendewera, ndiye muzungulitse tebulo pamalo pomwepo. Mwendo womwewo ukapitiriza kulendewera kulikonse, ndi waufupi. Kulendewera kukasamukira ku mwendo wina, pansi ndi pamene pali chitunda. Akatswiri a masamu ndi sayansi, mmodzi wa iwo André Martin wa ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, anasonyeza mu 2005 kuti tebulo la mbali zinayi zofanana ndi miyendo yofanana, pansi pakakhala posatsetsereka kwambiri, limapeza poponda miyendo yonse mukalizungulitsa osapitirira kota ya bwalo. Pa nthawi ya chakudya, kuzungulitsa kumeneku kungakupulumutseni.

Yankho lokhalitsa ndi timapazi topota tokwera ndi kutsika. Matebulo ambiri a tsinde lachitsulo ali nato kale, kungoti tinagwidwa dzimbiri ndi madzi okolopera. Timasuleni, titsukeni, mupake kagirizi.

Pa tebulo la mwendo umodzi wapakati, kugwedera kumachokeranso kwina: bawuti lalitali lodutsa m'kati mwa mzati kulumikiza tsinde ndi pamwamba. Ligadamitseni mumange nati ya kunsi. Onaninso masikuluu olowa m'thabwa la pamwamba. Amazuka chifukwa cha kunyamula tebulo pogwira pamwamba pokha, tsinde lolemera likulendewera. Tebulo lotere anyamule anthu awiri, mmodzi atagwira mzati.

7. Zitsulo, pulasitiki ndi zapanja

Pa mpando wachitsulo yang'anani mowotcherera. Kamzere ka dzimbiri kotsata powotcherera kawirikawiri ndi mng'alu umene wayamba, ndipo umenewo ndi wa wowotcherera, osati wa penti. Pamene penti wangosupuka, palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, pakani penti woyamba woletsa dzimbiri, kenako wa mtundu wake. Miyendo ya mapaipi imadyeka kuchokera m'kati ngati tizitseko ta kunsi tachoka.

Chitsulo chosachita dzimbiri chimadziteteza ndi kachikuto kosaoneka kochokera ku chromium, mtundu wa chitsulo umene anasakanizamo, wosachepera 10.5 peresenti. Kolorini wokhalitsa pamwamba amaboola kachikutoko n'kusiya timaenje, ndipo waya wotsukira mapoto amasiya tizitsulo timene timachita dzimbiri pomwepo. Tsukani ndi sopo, mutsatire mizere yake, muumitse. Ngati malo anu ali pafupi ndi nyanja yamchere, pogula funsani cha nambala 316 m'malo mwa 304, ndipo muzitsukuluza zapanja zonse ndi madzi opanda mchere.

Pulasitiki amadyedwa ndi dzuwa. Mpando ukayamba kutuwa n'kusiya ufa m'manja, wauma, ndipo mwendo wake umathyoka mosachenjeza. Zamatabwa zapanja musazikute ndi pepala la pulasitiki mpaka pansi; chinyezi chimatsekeredwa n'kubala nkhungu. Siyani mpata wa mphepo.

8. Makhushoni

Nyenyeswa zimabisala pamene pokhalira pakumana ndi chotsamira, ndipo mphemvu zimatsatira. Burashi kapena makina okoka fumbi adutsemo tsiku lililonse. Chinthu chikatayikira pa nsalu, dinani ndi kansalu kouma kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Kutikita kumakankhira banga m'kati. Musanyowetse mpaka siponji, chifukwa siponji yonyowa imachedwa kuuma ndipo imayamba fungo limene silichoka.

Chikopa chopanga, chija cha pulasitiki, chimafewa chifukwa cha mafuta ena amene anasakanizamo popanga. Sipiriti, thinazi ndi jiki wamphamvu zimayamwa mafutawo, ndiye chimauma n'kuyamba kusweka. Sopo ndi madzi zikwana. Chikang'ambika pang'ono, sokani kapena matani sabata yomweyo, chifukwa zala za ana zimapeza bowo lililonse. Mukamakutanso mipando, funsani nsalu yoyesedwa ndi muyezo wa Martindale, umene umawerenga kuti nsalu yapirira kukhuzidwa kangati. Pa malo a anthu ambiri yambirani pa 30,000 kupita m'mwamba.

9. Kupakanso

Musadikire kuti thabwa lionekere. Vanishi akangoyamba kuzilala pamene mbale zimakhala, koma asanasweke, tsukani bwino kuchotsa mafuta onse, palani mopepuka ndi sandipepa wa nambala 320 kuti watsopano apeze pogwira, pukutani fumbi, mupake kamodzi kapena kawiri. Yesani kaye pa kagawo kobisika kuti muone ngati watsopano akugwirizana ndi wakale. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyi imakupulumutsani ku ya sabata yathunthu.

Ngati wafa kale, chotsani yense. Pa thabwa lenileni yambani ndi nambala 120, kenako 180, mumalize ndi 220, nthawi zonse motsata mizere ya mtengo. Pakani mopyapyala katatu, mukupala pang'ono pakati. Pakaninso kunsi ndi m'mphepete: thabwa lotsekedwa mbali imodzi limamwa chinyezi mbali inayo n'kupindika ngati mbale. Kuuma pokhudza si kulimba. Polyurethane wa mafuta amatenga pafupifupi masiku 30 kuti akhwime, ndiye pa milungu yoyamba ikani zoyala pansi pa mbale zotentha ndipo musapukute ndi jiki wopitirira muyezo. Konzani matebulo awiri awiri kuti malo asatsekedwe.

Matebulo a mafuta okha amafuna kuwonjezeredwa pakapita miyezi ingapo, madzi akangosiya kuima timadontho pamwamba. Pakani, dikirani mphindi 15, pukutani otsala onse. Chenjezo limodzi lisakuphonyeni: nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni panja imodziimodzi, kapena zimizeni m'chitini cha madzi chotseka.

10. Kusanjikiza, ndi mpando woyenera kupuma

Sanjikizani mipando yokhayo imene inapangidwira zimenezo, osapitirira chiwerengero chimene wopanga ananena. Pogadamitsa mipando patebulo, pokhalira ndi pamene pagone pa tebulo, ndipo aziika, osaponya. Matebulo a thabwa akhale kutali ndi chitofu, ndi zenera limene dzuwa limalowa tsiku lonse.

Pali zovulala zimene sindimanganso. Mwendo wakumbuyo wothyoka mopingasa mizere ya mtengo, thabwa lofumbwa limene likutuluka ufa m'timabowo, chitsulo chimene chang'ambikanso pamene anawotcherera kale, pulasitiki wotuwa uja. Wofumbwa utulutseni m'nyumba tsiku lomwelo tizilombo tisanasamukire kwa anzake. Enawo aphwasuleni musanataye. Mitanda yabwino, timatabwa ta pangodya, mabawuti, tizidendene ndi pokhalira, zonsezi ziikeni m'katoni imodzi, mulembepo mtundu wa mpando umene zachokera, ndipo nambala yake muifufute m'kabuku.